Chikhomo sichinasunthe, inasuntha ndi bezi

Pangodya ya dimba lina kumunsi kwa tauni ya Mangochi, chakomwe Shire amakhuthulira madzi ake mu Malombe, pali chikhomo chachitsulo chozikidwa mu simenti. Chinayezedwa Lolemba m'mawa ndi risiva ya GPS yoyezera malo molondola, foni inaonetsa FIX, chizindikiro chobiriwira chonena kuti muyeso wakhazikika, poyinti inasungidwa. Chinayezedwanso Lachinayi, risiva yomweyo, ndodo yomweyo, mnyamata wogwira ndodo yemweyo, ndipo foni inaonetsanso FIX yobiriwira bwinobwino. Koma mapoyinti awiriwo atatsegulidwa mu QGIS, pulogalamu ya mapu, pa laputopu, pansi pa mtengo wa mango, anapezeka atatalikirana mita imodzi ndi masentimita 30.

Wapampando wa komiti ya sikimu, bambo wachikulire wa kofia yoyera, anayang'ana pa laputopu, n'kuyang'ana chikhomo, kenako anafunsa mosakweza mawu: "Ndiye achimwene, chitsulochi chimayenda usiku?" Anthu anaseka. Koma mizere ya chimanga imatalikirana masentimita 75, ndiye mita ndi 30 ndi mizere pafupifupi iwiri, ndipo mizere iwiri m'malire a dimba la m'mphepete mwa mtsinje imakafikitsa anthu kubwalo la amfumu.

Risiva inalibe vuto, antena inalibe vuto, netiweki tsiku limenelo inali yabwino. Cholakwika chinali makilomita atatu kuchokera padimbapo, pakhonde pomwe bezi, risiva yachiwiri yokhala malo amodzi n'kumatumiza uthenga wowongolera miyeso, inazimitsidwa Lolemba madzulo n'kuyatsidwanso Lachinayi m'mawa. Funso la wapampando lija ndi lomwe linandichititsa kusiya kukhulupirira mtundu wobiriwira pawokha, ndipo nkhani ino ndi ya inu amene munagula bolodi ya u-blox ZED-F9P, mwaika pulogalamu ya RTKLIB, tsopano mukulimbana nazo kumunda.

Zomwe FIX imalonjeza

Foni wamba imayeza mtunda wopita ku setilaiti powerengera nthawi yomwe uthenga watenga kuti ufike, n'chifukwa chake imaphonya ndi mamita angapo. RTK, njira yoyezera ndi marisiva awiri yomwe tikukambayi, imawerenga funde lenilenilo lomwe lanyamula uthengawo. Funde la L1, pa 1575.42 MHz, ndi lotalika masentimita 19. La L2, pa 1227.60 MHz, masentimita 24. Kachidutswa ka funde lomaliza risiva imakayeza mpaka mamilimita. Chomwe siidziwa ndi kuchuluka kwa mafunde athunthu pakati pa antena ndi setilaiti yomwe ili makilomita oposa 20,000 kumwamba. Pulogalamu ikamangoyerekeza kuchulukako ndi manambala oduka, imalemba FLOAT. Ikagamula kuti pa setilaiti iyi ndi mafunde akuti ndendende, pa iyo akuti, imalemba FIX. RTKLIB imagamula poika yankho labwino kwambiri pambali pa lachiwiri lake; ratio ikadutsa 3.0, yomwe ndi nambala yomwe pulogalamu imabwera nayo, yankho loyambalo limalandiridwa.

Tsono apa ndi pomwe ambiri timapunthwa. Masamu onsewa sayeza pomwe rova, risiva yoyenda nayo pa ndodo, ili pa dziko lapansi. Amayeza mtunda ndi mbali kuchokera pa bezi kukafika pa rova, basi. Asodzi a ku Malembo ndi ku Makawa amazidziwa bwino zimenezi: chingwe chikhoza kukhala cholimba, chotalika monga dzulo, koma mwera ukakoka nangula usiku, bwato limadzuka lili pena. Pepala la u-blox limati ZED-F9P imafika sentimita imodzi, kuonjezapo milimita imodzi pa kilomita iliyonse yotalikirana ndi bezi. Sentimita imeneyo ndi ya chingwe. Za nangula pepalalo silinena kanthu.

Bezi yodziyeza yokha

Makanema ambiri ophunzitsa amati yatsani survey-in mu u-center, pulogalamu ya u-blox yosinthira risiva, ikani mphindi imodzi kapena zisanu, dikirani, mwatha. Chomwe survey-in imachita ndi kutenga mayankho wamba, aja ophonya ndi mamita, n'kupeza pakati pake. Pakati pa mayankho ophonya pamakhalabe pophonya, kawirikawiri ndi mita imodzi kapena iwiri, ndipo mawa masetilaiti ndi mlengalenga zikasintha pamaphonyera kwina. Bezi ikazima n'kuyakanso imadziyezanso, n'kudzipatsa malo atsopano, n'kukoka mapoyinti onse a tsikulo kupita nawo komweko.

Choipa chake n'chakuti vutoli silidzionetsa. Mapoyinti a tsiku limodzi amagwirizana okhaokha: mitunda ili bwino, maekala ali bwino, mawonekedwe a munda ali bwino. Mumadzazindikira pomwe mwaphatikiza ntchito ya masiku awiri, ngalande ya Lolemba n'kudutsa pakati pa munda wa Lachinayi. Mu RTKPOST, pulogalamu ya RTKLIB yowerengera deta mutabwera kumunda, msampha womwewu uli pa zisankho ziwiri za malo a bezi, Average of Single Position ndi RINEX Header Position. Manambala omwe RTKCONV, pulogalamu yosandutsa deta ya risiva kukhala fayilo ya RINEX, imalemba pamutu pa fayiloyo ndi ongoyerekeza, si oyezedwa.

Mankhwala ake ndi tsiku limodzi lodekha. Poyamba antena ya bezi ikhale pa chinthu chosagwedezeka: bawuti yozikidwa mu chipilala cha simenti, kapena paipi yachitsulo yomangidwa kukhoma la njerwa, yotulukira pamwamba pa denga. Osati pa lata, lomwe limafutukuka ndi dzuwa, ndipo osati pa nsungwi. Mu u-center yatsani mauthenga a UBX-RXM-RAWX (miyeso yosakonzedwa, ya raw) ndi UBX-RXM-SFRBX (za njira za masetilaiti) pa doko lomwe mukutulutsira deta, ndipo STRSVR kapena str2str ya RTKLIB ilembe fayilo kwa maola 24 osadukiza. Fayiloyo isandutseni RINEX ndi RTKCONV, mutenge muyeso umodzi pa masekondi 30 alionse kuti isaleme bandulo, n'kuitumiza ku CSRS-PPP, ntchito yaulere ya boma la Canada yomwe imalandira deta ya kulikonse pa dziko n'kubweza malo enieni a antena. Sankhani static, popeza antena sinasunthe, ndi ITRF, muyeso wa malo wa dziko lonse. Mukhoza kutumiza mawa lake lomwe n'kupeza yankho labwino, koma mukatumizanso patatha masabata awiri kapena atatu, njira zomaliza za masetilaiti zitatuluka, yankho limakhwima kwambiri. Manambala amenewo ndi omwe mulowetse pa TMODE3, tsamba la malo a bezi mu u-center, mu fixed mode, ndipo musaiwale kuwasunga mu flash. Kupanda kutero magetsi akathima bezi imadzuka itaiwala zonse.

Polowetsa manambalawo ndi pomwe pamafera anthu ambiri. Mangochi ili kumwera kwa ikweta, ndiye latitude imayamba ndi minus. Mukaiwala kachizindikiro kameneko bezi yanu yasamukira ku Sudan, chakufupi ndi Gedaref, ndipo FIX simudzaiona. Lipoti la PPP limapereka madigiri, maminiti ndi masekondi, pomwe bokosi lolowetsamo limafuna madigiri a madesimali: 14°28' si 14.28 ayi, ndi 14.4667, ndipo pakati pa ziwirizi pali makilomita 20. Madesimali akhale asanu ndi atatu. Lachisanu ndi mita imodzi, lachisanu ndi chimodzi masentimita 11, lachisanu ndi chiwiri sentimita imodzi. Excel ikakudulirani manambala mwakachetechete posunga CSV, ntchito ya maola 24 yapita. Kutalika kolowetsa ndi kwa ellipsoid, mpira wa masamu woimira dziko womwe GPS imayezerapo, osati kwa pamwamba pa nyanja yamchere. Ndipo lembani tsiku lomwe munayeza pambali pa manambalawo, chifukwa mu ITRF nthaka yathu ino imayenda masentimita awiri kapena atatu pa chaka chakumpoto chakum'mawa. Pakatha zaka zinayi mukayezanso n'kupeza kusiyana kwa masentimita 10, musathamangire kunena kuti wina anagwedeza chipilala.

FIX ikamakana kubwera, yambani kumwamba

Chizolowezi cha ambiri FLOAT ikakanirira ndi kuthamangira ku Options n'kuyamba kusinthasintha manambala. Ndi kutaya nthawi. Mavuto ambiri ali pa antena ndi zomwe zaizungulira, ndipo palibe nambala ya m'pulogalamu yomwe ingachotse mtengo.

Yang'anani kaye mphamvu ya signal. Pabwalo poyera, masetilaiti omwe ali pamwamba ayenera kudutsa 40 dBHz, ena kuyandikira 50. Onse akakhala pansi pa 35, nkhani ndi ya antena, waya kapena magetsi opita ku antena. Onani kolumikizira: SMA ya GPS ndi RP-SMA ya ma antena a WiFi zimapotokera limodzi bwinobwino ngati zogwirizana, koma mkati mulibe kansingano kokhudzana, ndipo m'mashopu a zamagetsi onse awiri amangotchedwa "waya wa antena". Onaninso ngati mizere ya L2 ikuoneka. Antena ya galimoto yotchipa imamva L1 yokha, ndipo F9P yoikidwa pa antena yotero ili ngati munthu wa maso awiri amene wamangidwa limodzi.

Antena zafulati ngati ANN-MB zimafuna chitsulo chozungulira pansi pake, chosachepera masentimita 10 mulifupi. Chivindikiro cha poto chafulati chimagwira ntchitoyi mokwanira. Chooleni pakati, chimangeni pa ndodo, antena ikhale pakatikati penipeni. Popanda chimenechi mafunde onjanja kuchokera pansi amasakanikirana ndi enieni.

Kunjanja kumeneku, komwe mabuku amati multipath, ndiye mdani wamkulu kuno kwathu. Denga la malata limabweza mafunde ngati galasi, ndiye poyinti yoyezedwa mutatsamira khoma la nyumba ndi yokayikitsa ngakhale italembedwa FIX. Madzi a nyanja m'mawa wopanda mphepo amachitanso chimodzimodzi ndi masetilaiti otsika. Mtengo wa mango, wa masamba othithikana chaka chonse, umadula mafunde pafupipafupi. Kudukako, cycle slip, kumachititsa kuti kuwerenga mafunde kuyambirenso pa setilaiti imeneyo. Mlambe wothothoka masamba m'chilimwe umalolako, koma thunthu lake limatseka mbali yonse ya thambo. Chakumapiri a ku Namwera, m'zigwa, masetilaiti a mbali imodzi amabisika onse. Elevation mask ya madigiri 15 ndi SNR mask ya 35 dBHz zimathandiza kutaya zoipitsitsa, koma mukakweza kwambiri mutsala ndi masetilaiti ochepa. Chikhomo chikakhala pansi pa mtengo, yezani mapoyinti awiri poyera pafupi, chotsalacho mumalize ndi tepi.

Pali phokoso lina losaoneka. Madoko ndi zingwe za USB 3.0 zimatulutsa phokoso lofika m'dera la mafunde a GPS, ndipo mainveta otchipa a sola nawonso amasokoneza. Mphamvu ya signal ikamatsika mukalumikiza laputopu n'kukwera mukachotsa, mwamupeza wakuba. Talikitsani antena mita imodzi kapena iwiri.

Njira yachidule yodziwira ngati zida zili ndi vuto ndi iyi: pitani pabwalo la mpira, ikani bezi ndi rova motalikirana mamita atatu okha. F9P ziwiri zabwino zimagwira FIX mphindi imodzi isanathe. Zikagwira, zida zilibe mlandu, kafufuzeni kwina.

Uthenga wa bezi ukufikadi?

Kuona nyali ikuphethira kapena mabayiti akuwerengeka sikutanthauza kuti rova ikulandira zomwe ikufuna. Bezi iyenera kutumiza RTCM 1005, womwe ndi uthenga wonena pomwe bezi ili. Itumizenso miyeso ya masetilaiti a GPS, GLONASS, Galileo ndi BeiDou, kaya 1074, 1084, 1094, 1124 kapena 1077, 1087, 1097, 1127. Ndi 1230 wothandiza GLONASS. Sankhani gulu limodzi, la manambala othera ndi 4 kapena la othera ndi 7, osatumiza onse awiri. Uthenga 1005 ukasowa, rova imalandira zina zonse koma imangokhala ngati palibe bezi. Ndipo bezi yomwe ili pa survey-in situlutsa 1005 mpaka kudziyezako kutatha, ndiye mukaika malire ovuta ngati masentimita 10 mukhoza kukhala padzuwa mpaka nsima ya masana itazizira.

Ngati mukudutsira pa wailesi yaing'ono, werengani liwiro. Baud 9600 imanyamula mabayiti 960 okha pa sekondi, ndipo magulu anayi a masetilaiti pa uthenga wa 7 akhoza kudzaza kapena kupyola pamenepo. Uthenga umafika woduka, FIX imabwera n'kumachoka popanda chifukwa chooneka. Tsikirani ku gulu la 4 kapena kwezani liwiro mbali zonse ziwiri. Doko la UART la F9P limabwera lili pa 38400.

Ambiri timadutsira pa intaneti ya foni ndi NTRIP, njira yotumizira uthenga wa bezi pa intaneti, doko 2101. SIM khadi wamba ilibe adiresi yomwe rova ingaipeze mwachindunji, choncho bezi imakankhira uthenga ku caster, seva yolandira ndi kugawa uthengawo, monga RTK2go yaulere ija, rova n'kukatenga kumeneko. Dzina la mountpoint, lomwe ndi dzina la bezi yanu pa caster, lilembedwe ndendende, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Deta yake si yambiri, mamegabayiti awiri mpaka anayi pa ola, koma iyenera kukhala bandulo ya intaneti yonse. Bandulo ya WhatsApp ndi Facebook sinyamula NTRIP, ndipo munthu akhoza kutha theka la tsiku akunena caster pomwe mauthenga a pa WhatsApp akulowa bwinobwino. Nambala yoyenera kuiyang'anitsitsa ndi age, msinkhu wa uthenga wa bezi: ikhale sekondi imodzi kapena ziwiri. Ikamakwera kufika 10, 20, netiweki yagwa, ndipo RTKLIB imasiya kugwiritsa ntchito uthenga wopitirira masekondi 30.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimaluma. Android imapha pulogalamu ya NTRIP sikirini ikazima, pokhapokha mutaichotsa pa zopulumutsa batire. Ma power bank ambiri amadzizimitsa okha akaona kuti chokoka magetsi n'chaching'ono, ndipo F9P payokha imakoka pang'ono kwambiri. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno simukufunika kuuzidwa: foni yomangidwa pa ndodo padzuwa imadzitseka, Raspberry Pi ya pa bezi yotsekeredwa m'bokosi lakuda pansi pa malata imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika madigiri 80. Bokosi likhale loyera, lobooka, pamthunzi.

Chifukwa cha zonsezi, bezi ndi rova zonse zizilemba fayilo ya raw nthawi zonse, ngakhale RTK ikuyenda bwino. Ku Makanjira kapena kuseri kwa mapiri a Nankumba, komwe netiweki imabwera ikafuna, fayilo imeneyo ndiyo ntchito yanu yonse.

Madzulo pa laputopu

RTKLIB inalembedwa ndi Tomoji Takasu wa ku Tokyo University of Marine Science and Technology, koma pa marisiva a u-blox gwiritsani ntchito nthambi ya demo5 yomwe Tim Everett anaikonza poganizira zida zotchipa. Kusiyana kwake kumaoneka pa kuchuluka kwa mapoyinti ogwira FIX.

Musanadinde Execute mu RTKPOST, tsegulani mafayilo onse awiri mu RTKPLOT muone ngati nthawi zake zikukumana ndiponso ngati mizere ya masetilaiti ili yodukaduka. Nthawi ya m'mafayilo ndi GPST, nthawi ya GPS. Wotchi yathu ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndipo GPST ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 18 kuyambira Januwale 2017. Poyinti yomwe munalemba m'kope kuti 10:00 muipeza pa 08:00:18. Maola awiriwo aliyense amawazindikira msanga. Masekondi 18 ndi omwe amapha, chifukwa ngati munaima pa chikhomo masekondi 20 okha, mutenga malo omwe munali musanafike pa chikhomocho. Imani mphindi yathunthu.

RTKCONV ikatulutsa fayilo ya obs (miyeso) koma ya nav (njira za masetilaiti) n'kukhala yopanda kanthu, SFRBX inali yozima. Si imfa: fayilo ya nav ya tsiku limenelo imapezeka kwaulere m'nkhokwe za pa intaneti za bungwe la IGS. Koma RAWX ikakhala kuti inali yozima, palibe chopulumutsa, bwererani kumunda.

Pa zosankha, yambani ndi zochepa: kinematic kapena static molingana ndi ntchito, L1+L2, magulu onse a masetilaiti, filter ya combined yomwe imawerenga kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo. Ngati bezi ndi ya kampani ina ndipo rova ndi u-blox, zimitsani kaye AR (kugamula kuchuluka kwa mafunde) ya GLONASS, chifukwa masetilaiti a GLONASS amaulutsa pa mafunde osiyanasiyana ndipo marisiva a makampani osiyana amawachedwetsa mosiyana. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, muone chomwe chasintha. Ndipo samalani ndi manambala a mtundu wa yankho: mu fayilo ya RTKLIB, Q=1 ndi FIX, 2 ndi FLOAT, 5 ndi yankho wamba lopanda bezi. Mu NMEA GGA, yomwe mapulogalamu a pa foni amawerenga, 4 ndi FIX ndipo 5 ndi FLOAT. Nambala 5 yomweyo, matanthauzo awiri.

Pali FIX yabodzanso. Pulogalamu ikhoza kugamula molakwa kuchuluka kwa mafunde, makamaka pansi pa mitengo, n'kukupatsani poyinti yobiriwira yophonya ndi masentimita 20, 50, nthawi zina kupitirira mita. Chisankho cha fix-and-hold mu RTKLIB chimakulitsa ngoziyi, popeza chikagwira yankho lolakwa chimalikumbatira. Kutsitsa ratio kufika 2 kapena 1.5 kuti mapu abiriwire ndi kudzinamiza nokha. Zizindikiro zake: kutalika kudumpha mwadzidzidzi pamalo afulati, FIX yobwera kwa masekondi ochepa pakati pa FLOAT yaitali, masetilaiti ochepa. Poyinti yofunika iyezeni kawiri, ndipo pakati pake phimbani antena ndi chipewa kapena chigubu chachitsulo mpaka FIX itatayika, kuti kuwerenga kuyambirenso. Kubwerako patatha ola kapena awiri, masetilaiti atasintha malo, ndiye kwabwino koposa.

Ndodo nayo ili ndi mbali yake. Ya mamita awiri ikapendekeka digiri imodzi yokha, antena yachoka pa chikhomo masentimita atatu ndi theka.

Nthawi ya tsiku

Pali masiku omwe zonse zili m'malo mwake koma FIX ya m'mawa imayamba kuvuta dzuwa likapendeka. Chochititsa ndi ionosphere, gawo la mlengalenga lomwe dzuwa limalidzaza ndi magetsi, ndipo limachedwetsa mafunde mosiyana malo ndi malo. M'madera oyandikira ikweta limakhuthala masana n'kuvunduka dzuwa likangolowa, ndipo mafunde a masetilaiti omwe tikuwaonera chakumpoto amadutsa m'dera lovutalo. Vutoli linakulanso cha mu 2024, pomwe dzuwa linafika pachimake pa nyengo yake ya zaka 11. Bezi ikakhala pafupi, bezi ndi rova zimaona kuchedwa kofanana ndipo kumafafanizika. Ikakhala kutali sikufanananso. Pansi pa makilomita 10 simudandaula kwambiri. Kupitirira 20 kapena 30 mudzadikira. Risiva ya funde limodzi ngati NEO-M8T isapitirire 10. Bezi ya m'tauni ya Mangochi singakutumikireni ku Monkey Bay. Mapoyinti ofunika ayezeni m'mamawa, zomwe thupi lomwe limavomereza kuno.

Mapu akale, nyanja ndi tepi

Bezi itakhazikika ndipo FIX ili yoona, mukhozabe kupeza mapoyinti anu atagwera kutali ndi mapu. Mapu akale a boma anajambulidwa pa muyeso wa malo wotchedwa Arc 1950, pomwe risiva yanu ikupereka manambala a banja la WGS 84. Zonse ziwiri zimalembedwa UTM zone 36S, manambala ake amaoneka ofanana, koma pansi zimasiyana ndi mamita mazana. Mu QGIS yoyamba ndi EPSG:20936, yachiwiri EPSG:32736. Kusintha komwe QGIS imachita yokha pakati pa ziwirizi n'kokwanira kuti sukulu igwere pamalo pake pa mapu, koma kumasiya kuphonya kwa mamita, ndiye si koyezera malire. Kuti mugwirizane ndi mabikoni akale muyenera kuyeza mabikoni angapo odziwika ozungulira malowo n'kupeza kusintha kwa pamalopo.

Pa kutalika, kuno tili ndi mwayi womwe a ku Dedza alibe: nyanja. Madzi a Nyanja ya Malawi amakhala cha m'mamita 474 mpaka 476 pamwamba pa nyanja yamchere. Mu 2024, pomwe analowa m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete, anadutsa 476. Imikani ndodo pomwe madzi akuthera. Nambala yanu ikasiyana ndi imeneyi ndi mamita ambiri, mukuwerenga kutalika kwa ellipsoid, ndipo mukufunika geoid monga EGM2008 kuti musinthe. Geoid yomwe ili mkati mwa risiva ndi yongoyerekeza, musaidalire. Pa ngalande ya mthirira chofunika ndi kutsika kwa malo kuchokera apa kufika apo, ndipo dziwani kuti RTK imaphonya pa kutalika pafupifupi kawiri kuposa pa utali ndi mulifupi. Ngalande yotsika pang'onopang'ono imafunabe levulo.

Wina akatambasula tepi n'kupeza kuti sikugwirizana ndendende ndi manambala a UTM, onse awiri akhoza kukhala olondola. Mangochi ili makilomita pafupifupi 245 kum'mawa kwa mzere wapakati wa zone 36, womwe uli pa madigiri 33, ndipo kuno mtunda wa pa gridi umatalika kuposa wa pansi ndi masentimita pafupifupi 25 pa kilomita. Pa munda wa mamita 100 ndi masentimita awiri ndi theka. Pa paipi ya makilomita anayi ndi mita yathunthu.

Chinanso n'chakuti kulondola kwa chida sikukusandutsani saveya. Malire opita pa chikalata cha malo, pansi pa malamulo a malo a 2016, ndi ntchito ya saveya wovomerezeka. Zida zathuzi ndi za mapu a sikimu, ngalande, mijigo, mapaipi, maekala a mlimi aliyense.

Kubwerera pa chikhomo

Ntchito ya Lolemba ndi Lachinayi ija sinatayike. Popeza kuphonya kwa bezi kumakankha mapoyinti onse a tsiku limodzi mofanana, chofunika chinali kudziwa malo omwe bezi inadzipatsa tsiku lililonse. Manambalawo anali mu uthenga 1005 m'mafayilo osungidwa. Yankho la PPP litabwera, tinachotsera: malo enieni a bezi kuchotsapo malo a Lolemba, kusiyanako n'kukuonjezera pa mapoyinti onse a Lolemba; chimodzimodzinso a Lachinayi. Pakanakhala kuti panalibe mafayilo, chikhomo chomwecho chikanatipulumutsabe pang'ono, poti chinayezedwa masiku onse awiri ndipo chikanalumikiza ntchito ziwirizo, ngakhale zonse zikanakhala zophonyera limodzi pa dziko.

Tsopano chikhomo chija ndicho poyambira ndi pothera. Rova imaima pamenepo mphindi imodzi ntchito isanayambe, n'kudzaimanso poweruka, ndipo manambala ake enieni analembedwa ndi penti pa simenti pomwepo. Kusiyana kukadutsa masentimita atatu, palibe poyinti ina yoyezedwa mpaka chifukwa chitapezeka.

Mapoyinti awiri aja atawongoledwa anatsala motalikirana masentimita awiri. Wapampando anaitanidwa kudzaona. Anawerama pa laputopu nthawi yaitali, anapempha kuti chithunzi chikulitsidwe mpaka madontho awiriwo atapatukana, kenako anafunsa kuti masentimita awiriwo ali mbali ya munda wa ndani.